Kalata Yopempha Mpando

Mu ufumu wa Zilibwino munalibe munthu wodandaula. Kudandaula kunaletsedwa kalekale, ndipo anthu anazolowera moti ngakhale wogwera m'chitsime, ukamufunsa uli pamwamba, ankayankha kuti zili bwino, kungoti madzi achulukirako pang'ono. Wolamula dzikolo anali Mfumu Sindichoka Wachitatu, mwana wa Sindichoka Wachiwiri, amene anachotsedwa ndi imfa yokha. Nayo imfayo akuti inadikira pageti masabata atatu, alonda akuifunsa chikalata cholowera.

Ku yunivesite ya Tidzaona kunali mphunzitsi wa mabuku a Chingerezi ndi zisudzo, a Dokotala Barinaba Kanyamula. Udokotala wawo sunali wa jekeseni. Anakautenga ku Mangalande atalemba chibuku chonenepa chofotokoza momwe mafumu amagwera m'zisudzo zakale za kumeneko. Anabwerako ndi mpango wa m'khosi umene sankauvula ngakhale mu Okutobala, komanso lilime limene linkayenda myaa pa Chingerezi koma n'kumapunthwa pa mawu a kwawo.

Anaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anzawo olowa ntchito m'mbuyo mwawo anawapitirira m'modzim'modzi. Wa zanyengo anakhala pulofesa atatsimikiza kuti mfumu ikayetsemula kumagwa mvula. Wa masamu anakhala pulofesa atawerengera kuti njala yatsika ndi theka, popeza theka la anjalawo linali litamwalira. A Kanyamula anangokhala pomwepo ngati chitsa, akutchedwa mphunzitsi wamkulu, ndipo kunatsala zaka ziwiri zokha kuti apume pa ntchito. Chinkawadya mumtima chinali chimodzi: kuti adzaikidwa m'manda popanda liwu loti Pulofesa pamtanda wawo.

Musaganize kuti ankadziona ngati munthu wamantha. Iwo ankadziwerengera pakati pa ngwazi. Analemba zisudzo zisanu ndi ziwiri, zonse m'Chingerezi, ndipo m'chilichonse munali mfumu yogwa, yobisidwa mwaluso pansi pa mafanizo. Akatumiza chisudzo ku Bungwe Lonunkhiza Zolemba, ankatulutsa kachikwama kawo ka bulangete ndi mswachi, n'kutsanzikana ndi akazi awo mogwira mtima, kudikira apolisi. Apolisi sankabwera. Chinkabwera ndi chisudzo chomwecho chitadindidwa liwu limodzi: Chosaluma. Liwu limenelo linkawapweteka kuposa chikwapu. Oonera zisudzozo anali ophunzira awo ofuna malikisi ndi mlonda wodikira kutseka holo. Mabuku a zisudzozo osagulidwa anadzaza katoni, ndipo mpando wa mu ofesi mwawo utathyoka mwendo, katoniyo ndiyo ankakhalira.

Tsono ku mayunivesite kuli mwambo wina wochokera kwa azungu. Udindo wa pulofesa wotsogolera phunziro sautchula kuti udindo. Amautchula ndi liwu la Chingerezi lotanthauza chokhalira chija cha miyendo inayi. Ku Tidzaona, wa phunziro la Chingerezi unali wopanda mwini chimwalirireni a Pulofesa Mgonamasana zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, chaka chomwe Sindichoka Wachitatu analowa ufumu. Wopereka udindowo inali mfumu yokha, ndipo woufuna ankalemba kalata ku nyumba yachifumu ya Gwadani. A Kanyamula ankalemba chaka ndi chaka, m'Chingerezi chonona, osayankhidwa.

Ndiye tsiku lina mfumu inapunthwa pa liwu la Chingerezi pamaso pa alendo, alendowo n'kutsokomola mokayikitsa. M'mawa mwake kunatuluka lamulo loti makalata onse opita ku Gwadani azilembedwa m'chiyankhulo cha makolo.

A Kanyamula anakhala pakhonde ndi kalata yawo ya chaka chatha, n'kuyamba kuitembenuza liwu ndi liwu. Akazi awo, a Nankhoma, anawapeza thukuta lili kamukamu. Mayiwa ankagulitsa kaunjika ku msika wa Ndamvakale, ndipo mafumu onse asanu ndi awiri a m'zisudzo zija anawaveka ndi iwo.

"Bambo a Tiyese, bwanji ndiione kaye kalatayo musanatumize?"

"Mayi a Tiyese, ine ndine dokotala wa mawu. Munaona kuti sing'anga akufunsa mankhwala kwa wodwala?"

"Sindinaone. Koma pamaliro a malume anu paja munaimirira n'kuuza anamfedwa kuti mwasangalala kwambiri kuwaona onse."

"Lija linali lilime chabe."

"Eya, ndikunena lilime lomwelo."

A Dokotala anapinda kalatayo, n'kuinyambita envulopu okha. Munali mawu awa:

"Mfumu yanga, ine Barinaba Kanyamula ndikupempha mpando. Mpandowo wakhala wopanda munthu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo aliyense akudziwa, kungoti sanena. Ana athu akusochera chifukwa palibe wowatsogolera. Ine ndine katswiri pa kugwa kwa mafumu, ndipo sindikuona wina woyenera mpandowo koma ine. Ndine wokonzeka kukhalapo mwezi wa mawa."

M'dziko la Zilibwino mipando inalipo yambiri, ya ndalema, ya m'tchalitchi, ya m'minibasi. Koma munthu akangoti "mpando" osawonjezera kanthu, ngakhale khanda linkadziwa kuti ndi umodzi wokha.

Wowerenga makalata pabwalo la nduna anali Nduna ya Zotamanda, a Eliyazara Chiombera. Atafika pa "wopanda munthu", mawu anawathawa. Nduna ya Zaumoyo inakomoka, itayamba yaona kuti pogwerapo pali kapeti. Nduna ya Maphunziro inalumbira kuti sinamvepo zoti m'dzikomo muli yunivesite. Mfumu inagwiritsa mikono ya mpando wake.

"Wopanda munthu? Nanga ine ndine chiyani?"

"Inu si munthu, Mfumu," anatero a Chiombera mwachangu. "Inu ndi phiri."

"Ndiye kuti akunena zoona?"

Pofuna kuthawa funsolo, bwalo linagamula kuti woukirayo amangidwe, ndipo kalata yake iziwerengedwa pa wailesi katatu pa tsiku, kuti anthu amve okha kuipa kwake ndi kumuda.

Apolisi atagogoda pa ofesi, mtima wa a Kanyamula unalumpha ndi chimwemwe. Anasolola kachikwama kaja, mankhwala otsukira mano ali gwaa ndi zaka.

"Ndi chisudzo chiti, anyamata? Chachinayi, eti? Ndinkadziwa kuti chachinayi adzachimva."

"Za zisudzo sitikudziwa ife, bwana. Inu mwapempha mpando."

"Inde, mpando wa..."

Anaima kukamwa kuli yasa. Mawu a Nankhoma anawabwerera onse, ndi a pamaliro paja omwe.

Galimoto ya polisi inalibe mafuta, zomwe zinali bwino, choncho anawayendetsa wapansi kudutsa mu msika wa Ndamvakale. Wailesi inali itawerenga kale kalatayo kawiri. Msika wonse unati zii. A Dokotala anaweramitsa mutu kudikira miyala. M'malo mwake anamva a Zakeyu, okonza nsapato, akuyankhula mokweza kwa Abiti Saidi ogulitsa usipa.

"Abiti, mwamva zoipa zimene walemba munthu uyu? Akuti mpandowo wakhala wopanda munthu zaka khumi ndi chimodzi."

"Zoipa zedi, a Zakeyu. Tabwerezaninso ndimvetse kuipa kwake."

"Akuti aliyense akudziwa, kungoti sanena."

"Kalanga ine. Munthu woipa chotere ayenera kuti ali ndi ludzu. Tam'patseni thobwa."

Apolisi sakanamanga munthu chifukwa chodzudzula woukira. Choncho a Dokotala anadutsa msika wonse akudzudzulidwa, wina akuwaika nthochi m'thumba, wina akuvula chipewa kuti akande m'mutu. Atafika kumapeto anacheuka, n'kuona Abiti Saidi akuika kampando kawo kathabwa pakati penipeni pa msika.

"Aka kakhale kopanda munthu," anatero mayiwo. "Wina asakhalepo mpaka mwini wake atabwera."

Ku ndende ya Pumulani anawapatsa chipinda chawochawo. Mlandu unaikidwa Lachinayi. Lachiwiri masana kunabwera a Nankhoma ndi mbatata yophika.

"Mwabwera kudzandiseka," anatero a Dokotala.

"Kuseka ndinasekera kunyumba, ndinamaliza. Idyani." Anakhala pansi, n'kuwayang'ana akusenda mbatata. "Kalata yanu ija anthu ailoweza."

"Ailoweza? Mawu onse?"

"Ndi mipumiro yomwe. Amayi akumasinja nayo. Dzulo oyendetsa kabaza aimba ngati nyimbo. Ine amayi ena andigwadira popereka moni, zomwe sizinachitikepo chikwatiwireni."

A Kanyamula anasiya mbatata. Zaka zonse zija palibe analowezapo mzere wawo umodzi, kupatula wofuna kukhoza mayeso, ndipo nayenso ankauiwala potuluka m'chipinda cha mayesocho. Misozi inawatsika, yeniyeni, ndipo anachita nayo manyazi.

"Koma mayi a Tiyese, inu mukudziwa kuti ndinangolakwitsa."

"Ndikudziwa ine. Iwo sakudziwa."

"Nanga Lachinayi ndikanene chiyani?"

"Ine ndikufuna mwamuna wanga kunyumba, sindibisa. Koma mutu ndi wanu. Chomwe ndinganene n'choti ndagulitsa zovala za eni ake zaka zambiri, ndipo ndaona jekete losokeredwa wina likumukhala wina kuposa mwini wake. Ungwazi uwu mwautola pakaunjika, bambo a Tiyese. Koma wakukhalani."

Lachitatu kunabwera mlendo wina, wonunkhira mafuta a mtengo wapatali. Anali a Chiombera, Nduna ya Zotamanda ija. A Dokotala anawazindikira msanga, pakuti anawaphunzitsapo zisudzo, ndipo anawalepheretsa.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Chiombera. Ndinakupatsa malikisi 38."

"Ndikukumbukira. Munalemba kuti ndimalira mopyola muyeso, palibe angakhulupirire. Kulira komweko kwandimangira nyumba zitatu." Ndunayo inapukuta benchi ndi mpango isanakhale. "Ine ndinadutsa ku Tidzaona, ndikuudziwa mpando umene mumanena. Mfumu ndaifotokozera, yamvetsa. Vuto ndi ku msika. Wailesi tatseka, koma kalata sikutsekeka. Ndiye mawa pabwalo mukagwade, munene ndi pakamwa panu kuti ndinu mbuli, simudziwa chiyankhulo cha amayi anu. Anthu aseke, nkhani ithe. Mkanjo wa upulofesa wasokedwa kale."

"Ndikakana?"

"Mukhala muno mpaka mfumu itachoka. Dzina lake mukulidziwa."

A Chiombera anaimirira, n'kuwaika a Dokotala manja paphewa mwachifundo.

"Mundilole ndikuthandizeni pang'ono, aphunzitsi, poti inu mumaphunzitsa koma simunasewereko pamaso pa mfumu. Musayambe ndi misozi. Yambani ndi milomo, inthunthumire kaye. Bondo lamanja ndilo liyambe kutsika, lamanzere lilondole. Mukatchula amayi anu, mawu aduke pakati."

Ndunayo itatuluka, a Kanyamula anayendayenda m'chipindamo akukonza yankho lawo. Sanakonze logwada. Anakonza la ngwazi, ndipo kwa nthawi yoyamba analikonza m'chiyankhulo cha kwawo, mawu awiri okha, osavuta kulakwitsa. Analibwereza pamaso pa khoma mpaka khomalo, likanakhala ndi manja, likanawomba.

Lachinayi bwalo la Gwadani linadzaza mpaka m'mitengo. Msika wa Ndamvakale unatsekedwa wokha, popanda lamulo. Mfumu inakhala pa mpando wake pamwamba pa masitepe. Kudzanja lake lamanja kunaima wantchito atanyamula mkanjo wofiira ndi chipewa chofewa. Kumanzere kunaima msilikali wa ndende atanyamula malaya ndi kabudula wa akaidi. A Dokotala anaimikidwa pakati, mpango uli m'khosi.

"Kanyamula," inatero mfumu, "unapempha mpando. Mpando uti?"

Malo amenewa a Dokotala ankawadziwa kuposa munthu aliyense m'dzikomo. Anawaphunzitsa chaka ndi chaka. Ndi pamene ngwazi ya m'chisudzo imatsala yokha, imanena choona chimodzi, n'kufa, oonera n'kubwerera kwawo mitima itatsukika. Ndi pamene ankakalipira ophunzira kuti, "Imirira ngati munthu, mawu achokere m'mimba." Yankho linali pa lilime: Womwewo, Mfumu. Anakweza maso. Anaona a Zakeyu, chipewa chili m'manja. Anaona Abiti Saidi atasiya usipa wawo padzuwa. Anaona a Nankhoma atapinda manja pachifuwa. Anthu masauzande anali chete kudikira mawu ake a Barinaba Kanyamula, ndipo panalibe ndi m'modzi yemwe wofuna malikisi.

Anakoka mpweya. Pomwepo kamphepo kanagwedeza mkanjo wofiira uja, n'kuonetsa m'kati mwa kolala. Telala anali atapetamo dzina ndi ulusi wagolide: Pulofesa B. Kanyamula. Zilembo zake zinali zooneka bwino, zokwanira pamtanda.

Bondo lamanja linayamba lokha. Lamanzere linalondola.

"Mfumu yanga," anatero, milomo ikunthunthumira, "ine ndine mbuli. Ndimanena kampando ka kusukulu, kaulemu chabe, kopanda ndi miyendo yomwe. Chingerezi chinandidya lilime. Sindidziwa chiyankhulo cha ama..." Mawu anaduka pakati, pamalo pake penipeni, ndipo misozi inabwera pa nthawi yake. A Chiombera anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira.

Mfumu inaseka mpaka kugwira nthiti. Nduna zinaseka motsatira maudindo, yaikulu poyamba, yaing'ono pomaliza. Anthu a ku msika sanaseke. Wina anati, "Zili bwino," n'kuvala chipewa, ndipo anayamba kutuluka mwakachetechete, monga amachitira pochoka kumanda.

Chigamulo chinawerengedwa kwa otsala. Barinaba Kanyamula akhale Pulofesa kuyambira lero. Pofuna kupewa chisokonezo china, udindowo uzitchedwa Choimirira, ndipo mipando yonse ya ku yunivesite ya Tidzaona ikasungidwe ku Gwadani. Asilikali anagwira ntchitoyo mosamala. Anatenganso katoni ya mu ofesi ija, popeza umboni unalipo woti inkagwira ntchito ya mpando. Umu ndi momwe zisudzo zisanu ndi ziwiri za a Kanyamula zinalandidwira ndi boma pomaliza pake.

Sabata yotsatira anaphunzitsa choimirira, ophunzira atakhala pansi. Anasayina makalata choimirira, dzina latsopano likutenga mzere wonse. Pofika Loweruka miyendo inali itatupa, koma mkanjowo sanafune kuuvula. Anaganiza zopita ku Ndamvakale kukaperekeza akazi awo, anthu akauoneko.

Anthu anauona. "Zikomo a Pulofesa," anatero uyu. "Wawa a Pulofesa," anatero uyo. Liwu lija analilakalaka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi linkagwa mbali zonse, mwaulemu wake wonse, ndipo palibe anawayang'ana kumaso. Pakati pa msika kampando kathabwa kaja kanalipobe. Panali beseni la tomato.

A Nankhoma anali kupinda majekete pa benchi lawo. Anawayang'ana amuna awo kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Wakukhalani," anatero. "Uwu ndiye anasokera inu."

A Pulofesa ali chiimire anamva mawu kuseri kwa matebulo a usipa. Anali mawu awo. Abiti Saidi ankawanena akuyala nsomba, mosakweza, ngati pemphero lozolowera.

"Mfumu yanga, ine Abiti Saidi ndikupempha mpando. Mpandowo wakhala wopanda munthu zaka khumi ndi chimodzi."

Chapatali wogulitsa makala analandira, ataikamo dzina lake. Kenako mayi wa mandasi, ndi dzina lakenso. Kalatayo inkayenda tebulo ndi tebulo, yathunthu, ndi mipumiro yomwe. Dzina limodzi lokha ndilo linachotsedwamo.

A Pulofesa anasendera pamene a Zakeyu ankakhoma chidendene cha nsapato. Sanathe kudziletsa. Mlembi ndi mlembi.

"A Zakeyu, mawu amenewa ndi abwino ndithu. Kodi anthu akudziwa amene anawalemba?"

A Zakeyu anachotsa msomali pakamwa, n'kuukhoma kaye.

"Akudziwa, a Pulofesa. Anali bambo wina wake, wovala mpango m'khosi. Munthu wolimba mtima, sitinaonepo. Tinamusungira kampando masiku anayi."

"Nanga ali kuti?"

"Anamwalira Lachinayi lija, pabwalo la mfumu. Inu simunalipo?"

A Pulofesa anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Panalibe.

"Ndinalipo," anatero. "Ndinali pafupi kwambiri."